Kuotcha snoek monga amachitira ku Cape Town, ndi vinyo womuyenera

Chaka chilichonse ikangolowa Meyi foni yanga sipuma. Uyu watumiza chithunzi cha nsomba yaitali itagonekedwa pasinki, akuti, "Achimwene, imeneyi ndiitani?" Uyo waimba usiku, nsomba itaphwanyikira kale pawaya, alendo ali pakhonde akudikira, akufuna kudziwa ngati wogulitsa uja wamudyera masuku pamutu. Ndagwira ntchito m'makhitchini a kuno ku Cape Town zaka zambiri, ndipo poti ndinakulira kunyanja, abale amaona ngati mlandu uliwonse wa nsomba woweruza wake ndine. Kujambula mawu pa WhatsApp kwanditopetsa. Ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Kwa inu mwangofika kumene: snoek, potchula amati "snuk", ndi nsomba ya m'nyanja yamchere, ya m'madzi ozizira a gombe la kumadzulo ndi kumwera kwa South Africa. Ngati munadyapo mcheni, yerekezani mcheni wotalika mita yathunthu, wowonda, wonyezimira ngati lata latsopano, m'kamwa muli mano ngati singano. Nyama yake ndi yamafuta, fungo lake ndi lamphamvu kuposa la chambo. Kuno ndi ndiwo ya anthu wamba kuyambira makedzana. Akuluakulu amene anakulira ku District Six, dera lakale la m'tauni muno, amasimbabe za ogulitsa nsomba amene ankayenda ndi ngolo m'misewu akuliza lipenga, amayi n'kumatuluka m'nyumba mbale zili m'manja.

Malangizo ambiri ootchera snoek amayambira pa jamu ndi batala zopaka pa nsombayo ngati kuti nkhani yagona pamenepo. Kusakaniza jamu ndi batala ngakhale mwana angathe. Snoek amene wakanika pamoto madzulo amakhala atakanika kale m'mawa, pogula ndi pothira mchere, n'chifukwa chake ndichedwa kwambiri pa nambala 2 ndi nambala 4.

1. Gulani m'nyengo yake

Asodzi a kuno amati snoek wabwino ndi wa miyezi imene dzina lake lilibe "r". Mukawerenga m'Chingerezi kapena m'Chiafrikaans mupeza kuti ndi Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti, nyengo yozizira ndi yamvula kuno. Sikuti miyezi ina sagwidwa, amagwidwa ndithu. Koma m'nyengo yozizirayi ndi mmene amachulukira, mtengo umatsika, ndipo nsomba imakhalitsako isanafewe.

Maboti amakocheza padoko la Hout Bay ndi la Kalk Bay, komanso kumtunda ku Yzerfontein, St Helena Bay ndi Lambert's Bay. Akachuluka simufunika kufunsa munthu: ma bakkie, magalimoto a pikapu aja, amaima m'mphepete mwa misewu ya ku Cape Flats, nsomba zitayalidwa kumbuyo. Wa m'masitolo woundana ndi chisanu uja, werengani papepala lake. Kawirikawiri amachokera ku New Zealand, kumene nsomba yomweyi amaitcha barracouta. Mtundu ndi umodzi, Thyrsites atun, ndipo amaotcheka, bola mumusungunule m'firiji usiku wonse, osati m'madzi otentha. Nsomba ya makilo 2 itatumbulidwa imakwana anthu 6.

Ndineneretu kanthu kena. Padoko mudzakumana ndi munthu wokunong'onezani za perlemoen, nkhono yodula ija, kapena kreef, nkhanu ya m'miyala ya m'nyanja, zili m'jumbo yakuda. Musagule. Malamulo a zimenezi ndi okhwima, ndipo mlendo m'dziko la eni sayenera kudziitanira apolisi chifukwa cha ndiwo.

2. Yesani ngati si "pap"

Pap m'Chiafrikaans ndi phala. Akamati pap snoek akunena nsomba imene nyama yake yasanduka phala. Kunja imaoneka bwinobwino, maso owala, fungo losakayikitsa, koma mukangoiika pamoto imasungunuka n'kumagwera m'makala kudzera m'mipata ya waya. Ambiri amati yawola, koma sikuwola kumeneko. Chimachititsa ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Kudoa thyrsites, kamene kamakhala m'minofu ya nsomba ikadali yamoyo. Nsomba ikafa, timadzi ta kachilomboka timayamba kusungunula minofu ija, ndipo kukatentha zimafulumira. Munthu sikamudwalitsa, kamangowononga nyama.

Msampha uli apa: poti kufewa kumayamba nsomba itafa, imene inali yolimba 9 koloko m'mawa ingathe kukhala phala pofika madzulo. Chaka changa chachiwiri kuno ndinagula snoek awiri okongola pamsewu, n'kuwasiya m'buti ya galimoto ya alamu anga tikuzungulira kugula makala ndi zakumwa, dzuwa la Novembala likuswa mtengo. Titaika pawaya madzulo, mmodzi anapsa bwino. Winayo anangotsala khungu ndi minga, nyama yonse ili m'phulusa. Ndinamutukwana mumtima wogulitsa uja sabata yathunthu, chonsecho mbali yaikulu ya mlanduwo inali yanga.

Ndiye chitani izi. Pemphani kuti akutsegulireni nsombayo musanalipire. Dinani ndi chala pa nyama yonenepa ya m'mbali mwa msana, malo atatu: kufupi ndi mutu, pakati, ndi chakumchira, chifukwa nthawi zina imayamba kufewa mbali imodzi. Yabwino imakana chala, ndipo kadzenje kamabwerera mukachotsa. Ya pap chala chimangolowa ngati m'papaya wakupsetsa, kadzenje kamatsala, nyama ina n'kumatirira kuchala. Yang'ananinso ngati nyama ikuthetheka yokha kapena ikuoneka ngati yanyowa mkaka. Wogulitsa akakana kuti mudine, m'tsanzikeni mwaulemu, bakkie ina ili patsogolo.

Mukalipira, nsomba ilowe m'bokosi la ayisi nthawi yomweyo, ndipo ulendo ukhale wa kunyumba. Makala mugule dzulo lake. Musanakoleze moto dinaninso. Ikapezeka yafewa musataye, komanso musakakamire kuotcha poganiza kuti mchere uilimbitsa. Mchere umalimbitsa nyama yabwino, koma yosungunuka kale suibweza. Dumphirani ku nambala 9.

Mwina muonanso tinyongolotsi toyera m'mimba kapena m'nyama. Si zachilendo pa snoek, ngakhale wabwino kwambiri. Timene mukutiona chotsani ndi nsonga ya mpeni, totsala timafa ndi moto. Chosayenera kuchita ndi kudya snoek wosapsa.

3. Akung'ambireni

Mawu ake kuno ndi vlek, potchula "flek": kung'amba nsomba kumsana n'kuitambasula, monga timachitira ndi chambo chofuna kuwamba. Mpeni umayenda m'mbali mwa fupa la msana kuyambira kumutu mpaka kumchira, mimba osaidula, chifukwa ndi imene imalumikiza mbali ziwirizo. Fupa limatsala mbali imodzi, lisiyeni, limathandiza kugwira nyama pamoto. Amayi okonza nsomba padoko amamaliza ntchitoyi inu musanatulutse n'chikwama chomwe, ndipo kandalama kowapatsa n'kochepa poyerekeza ndi nsomba imene mungaiwononge pophunzirira. Mukati muchite nokha, samalani mano, amacheka ngakhale nsomba itafa. Kupala mamba sikufunika, khungu lake ndi losalala.

Mazira musawasiye. Amawatcha kuite, ndipo okazinga atagubuduzidwa mu ufa amatha nsomba yeniyeniyo isanapse. Za mutu, ife a kunyanja sitifunika kuuzidwa.

4. Mchere, kenako mphepo

Funso loyamba: kodi nsombayi yathiridwa kale mchere? Ogulitsa ambiri amawaza akangong'amba. Funsani, koma musangokhulupirira za pakamwa, khudzani nyama n'kulawa chala. Ngati mchere ulipo wa lero lomwe, tsukani ndi madzi ozizira basi. Ngati yagona mumchere kuyambira dzulo, nyama yachita gwa, ivikeni m'madzi ozizira theka la ola mpaka ola limodzi, madziwo musinthe kamodzi. Pa madandaulo onse amene ndimalandira, lalikulu pambuyo pa pap ndi la munthu amene anathira mchere pa nsomba yothiridwa kale, n'kuwonjezeranso wina m'zopaka. Alendo amadya mwaulemu, kenako usiku wonse ali pampopi.

Ngati ilibe mchere, iyaleni khungu pansi. Wazani mchere wamibulu wodzaza dzanja limodzi, wambiri konenepa kumsanaku, pang'ono chabe kumimba ndi kumchira kopyapyala. Mchere wosalala wa patebulo uja ayi, umalowa msanga n'kuwawitsa nyama. Dikirani mphindi 30, nsomba ikakhala yaikulu 45. Muona madzi atatuluka pamwamba. Cholinga chake n'chimenecho: mchere ukukoka madzi, nyama ikugwirana. Kenako tsukani mchere wonse, osasiyako, ndipo pukutani ndi nsalu yoyera.

Apa ndi pamene pafupifupi aliyense amathamangira kumoto, ndipo ndi pamene amalakwitsa. Nsomba yonyowa ikafika pamoto imangophikika ndi nthunzi yake, imamatirira kuwaya, ndipo zopaka zimatsetsereka n'kukathera m'makala. Iyenera kuuma kaye pamwamba. Ikolowekeni ndi kawaya, muipachike pamthunzi podutsa mphepo, ngakhale pachingwe choyanikira zovala, ola limodzi kapena awiri. Ntchentche zitchingeni ndi kansalu kopyapyala, koma osati neti ya udzudzu imene munabwera nayo kumudzi, ili ndi mankhwala. Mphaka wa aneba muzimuyang'anira nokha.

Vuto n'lakuti nyengo ya snoek ndi nyengonso ya mvula. Mphepo youma ya kumwera chakum'mawa ija amati Cape Doctor imawomba m'chilimwe, pamene mu Juni imene imabwera ndi ya kumpoto chakumadzulo, yonyamula mvula. Tsiku lotero ikani nsomba pawaya m'firiji osavundikira, maola 2 kapena 3, kapena muiyale kutsogolo kwa fani ola limodzi m'chipinda chozizira. Mudziwa kuti yakonzeka mukaikhudza: pamwamba pouma, ponyezimira pang'ono, pomata chala ngati kaulimbo. Kaulimbo kameneko ndi kamene kamagwira utsi ndi jamu.

5. Zopaka

Batala magalamu 125, jamu wa apricot (kachipatso konga pichesi) masupuni aakulu 4 odzaza, timagawo 4 ta adyo tosinja, madzi a ndimu imodzi yaikulu, ndi tsabola wakuda. Sungunulani m'kapoto pamoto wochepa, adyo asapserere. Mchere osathira. Lawani: kuwawasa ndi kutsekemera zikhale zikukokana, china chisapose chinzake.

Ndikudziwa, Mmalawi akamva za jamu pa nsomba amakwinya nkhope. Inenso ndinatero, mpaka nditalawa. Nsomba yamafuta ndi yamchere chonchi imafuna chinthu choiziziritsa, ndipo shuga wa m'jamu ndi amene amapatsa nyama mtundu wofiirira uja. Ngati wina wakubweretserani tsabola wa kambuzi, dulirani mmodzi. Eni ake a kuno sadzakuimbani mlandu.

6. Moto

Nkhuni zimene zimagulitsidwa kwambiri kuno ndi rooikrans, mtengo wochokera ku Australia umene unafalikira mpaka kusanduka chisoso, moti kuudula n'kuthandiza dziko. Amene mukugwira ntchito m'minda ya mpesa muli ndi mwayi wa zitsa za mpesa wozulidwa, zimene amati wingerdstompies, ndipo makala ake amakhalitsa. Makala a m'thumba nawonso ndi abwino. Matabwa opaka utoto ndi mapaleti otola kuntchito ayi.

Dikirani malawi athe, makala achite phulusa pamwamba, muwayale motalika molingana ndi nsomba. Ikani dzanja pamene pakhale waya n'kumawerenga. Mukapirira mpaka 6 kapena 7, motowo ndi umenewo. Mukachotsa dzanja pa 3, ndi moto wa nyama ya ng'ombe, kwezani waya kapena dikirani. Wayayo akhale wopinda pawiri wokhala ndi chogwirira, kuti potembenuza muzitembenuza waya, osati nsomba. M'pakeni mafuta mbali zonse. Oyamba kumene angayale foil pansi pa khungu ataiboolaboola, palibe chamanyazi.

7. Otchani

Yambani ndi khungu pansi, mphindi 10 mpaka 12, mukupaka pamwamba kawiri kapena katatu. Muona nyama ikuyera kuyambira m'mphepete kupita pakati. Ikatsala pang'ono kuyera yonse, tembenuzani, mphindi 3 kapena 4 zokha. Nthawi imeneyi musachoke, musayankhe foni. Jamu ndi shuga, kufiira ndi kupserera zimasiyana ndi kaphindi kamodzi. Bwezerani khungu pansi, pakani kotsiriza, phulani.

Musanatsegule waya, kankhani nyama pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa supuni kudzera m'mipata kuti imatuke. Mukangotsegula mwaphuma theka la nsomba lipita ndi chivundikiro. Kuti mudziwe ngati yapsa, lowetsani foloko ponenepa kwambiri: nyama ikhale yoyera mpaka pafupa, yogawanika yokha, koma madzi akadali momwemo. Amene muli ndi choyezera kutentha, ndi madigiri 63. Ife tinazolowera kuwamba nsomba mpaka iume kuti ikafike kumudzi pabasi. Iyi ulendo wake ndi wochoka pamoto kupita patebulo, mphindi 20 zisapitirire.

8. Patebulo, ndi botolo lake

Minga za snoek n'zambiri koma n'zazitali ngati singano zosokera matumba, zimaoneka ndipo zimasololoka mosavuta. Dyani ndi manja, ana muwasankhire. Eni ake amadyera soetpatat, mbatata ya kholowa yophikidwa ndi batala, shuga wabulauni ndi sinamoni mpaka kumata, kapena buledi wopaka korrelkonfyt, jamu wa mphesa zosaphwanya.

Vinyo wa snoek ndi woyera uja wotchedwa Chenin Blanc, ndipo pa ichi sindikambirana ndi munthu. Ndi mpesa umene umalimidwa kwambiri kuposa wina uliwonse m'dziko muno, ndipo palibe dziko lina lili ndi minda yake yambiri kuposa South Africa. Alimi akale ankautcha Steen, osadziwa kuti ndi womwewo wa ku Loire ku France, mpaka Pulofesa Chris Orffer wa ku Stellenbosch atatsimikiza mu 1963. Mukaona botolo lolembedwa Steen musadabwe, ndi yemweyo. Chimene amayenerera n'chakuti ndi wowawasa mokwanira kutsuka mafuta a nsomba m'kamwa, koma fungo lake ndi la zipatso ngati pichesi ndi apricot, ndiye amagwirizana ndi jamu uja m'malo molimbana naye. Funani wosatsekemera, wa ku Swartland, Paarl, Stellenbosch kapena Breedekloof. Zilembo W.O. pabotolo zikuimira Wine of Origin, dongosolo limene linayamba mu 1973, ndipo zikutanthauza kuti mphesa zonse zachokera kudera lolembedwalo. Mabotolo ena ali ndi chidindo cha mpesa wakale, wa zaka 35 kupita m'tsogolo. Amakoma, koma pa kuotcha kwa pakhomo, kumene kuno amati braai, wotchipa wa chaka chatha akukwanirani.

Sauvignon Blanc wa kumalo ozizira ngati Darling, Elgin kapena Elim amayenda bwino ngati mwachepetsa jamu n'kuchulukitsa ndimu. Jamu akachuluka, vinyoyu amamveka ngati madzi a mandimu. Wa m'katoni wotsekemera kwambiri uja musiyeni, shuga pa shuga zimakola msanga.

Cholakwa cha amuna ambiri n'kuganiza kuti pali moto payenera vinyo wofiira. Cabernet ndi Shiraz ali ndi kukhakhala kuja kumene kumamanga lilime, ndipo kukakumana ndi mafuta a nsomba m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita msomali. Amene sangachitire mwina atenge wofiira wopepuka, Cinsaut kapena Pinot Noir wa ku Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus, amuziziritse pang'ono. Mipesa iwiri imeneyi ndi imene Abraham Perold anaikwatitsa mu 1925 n'kubala mpesa wa Pinotage, ndipo Pinotage wotumbuluka, amene amati rosé, ndi mnzake wabwino wa snoek. Woyera ndi rosé azizire madigiri 8 mpaka 10, kutanthauza maola awiri m'firiji. Mukaiwala ponyanimo ayisi, anthu a kuno amatero tsiku lililonse.

Funsani alendo anu kaye musanatsegule botolo. Ambiri mwa akatswiri ophika snoek kuno ndi Asilamu a ku Bo-Kaap ndi ku Cape Flats, ndipo pakati pa ife Amalawi Asilamu ndi a mipingo yosamwa alipo ambiri. Tiyi wa rooibos wozizira wofinyiramo ndimu amagwira ntchito yomweyo yotsuka m'kamwa.

9. Zotsala, kapena nsomba imene yakupusitsani

Smoor ndi kuphika pang'onopang'ono ndi anyezi, mphika utavundikiridwa. Smoorsnoek ndi chakudya cha m'khitchini ya anthu otchedwa Cape Malay, zidzukulu za akapolo ndi andende amene Adatchi ankawabweretsa kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar, ndipo pambuyo pake ena kuchokera ku Mozambique. Mbiri ya vinyo imatchula Jan van Riebeeck amene analemba pa 2 Febuluwale 1659 kuti afinya mphesa koyamba ku Cape, ndi Simon van der Stel amene anayambitsa munda wa Constantia mu 1685, koma amene ankalima mindayo anali akapolo omwewa, ndipo ndiwo yawo inali nsomba yamchere yotchipa. Luso lotalikitsa kansomba kochepa ndi anyezi ndi mbatatesi kuti kakwane banja lonse linachokera kumeneko.

Phwanyani nyama ndi zala, muchotse khungu ndi minga zonse, mubwereze kusankha kawiri. Ngati ndi snoek wa pap wosaotcha, yambani mwamuphika ndi nthunzi kapena m'madzi ochepa mphindi 10, azizire, kenako sankhani. Pa nsomba yodzaza makapu 2, dulani anyezi 3 akuluakulu mopyapyala, muwakazinge m'mafuta ndi batala pamoto wochepa mpaka afiire ngati uchi. Zimatenga mphindi 20, ndipo kukoma konse kwagona pamenepo, musafulumize. Thirani adyo, tsabola wobiriwira mmodzi kapena awiri, ndi mbatatesi 3 zodula timabokosi. Onjezani madzi theka la kapu, vundikirani mpaka mbatatesi zifewe. Ena amathira tomato, ena kabichi. Nsomba ilowe kumapeto, mphindi 5 zokha, ndipo takasani mofatsa. Mchere mulawe kaye, nthawi zambiri sufunikanso.

Apa poti pali tsabola, Chenin Blanc wotsekemera pang'ono amaloledwa. Eni ake amadyera mpunga woyera kapena buledi, pambali pali atchar kapena blatjang, chatine chawo cha zipatso. Ine ndimawonjezera tomato ndi timadzi pang'ono kuti pakhale msuzi, n'kuphika nsima.